Kalata kwa akuluakulu a za ndege: agogo anga anapita ku Joni pa ndege, ine ndimagona pa boda

Olemekezeka a Nduna ya zamtengatenga, a Nduna ya zachuma, mabwana oyendetsa kampani yathu ya ndege, akuluakulu oyang'anira mabwalo a ndege komanso aphungu athu nonse ku Nyumba ya Malamulo,

Landirani moni wanga. Ine ndine mayi wa geni, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndimaoda zovala, nsapato ndi zofunda ku Joni ndi ku Dar es Salaam nkumagulitsa mtauni muno. Za ndege sindinaphunzire ayi, koma ndimaziona zikutsika kulowera ku Lumbadzi ndikamayanika zovala pakhomo, ndipo ulendo umene ndegezo zimayenda maola awiri ndi theka ine ndimauyenda masiku awiri olo atatu pa basi, chaka ndi chaka. Nde ndaona kuti nkhaniyi ikundikhudza nanenso, mundilole ndiyankhule.

Ndiyambe ndi agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, a ku Dowa. Iwowa sukulu analekeza sitandade 2, nsapato anayamba kuvala atakula kale, koma ndege anakwera. Anakwera ya Wenela, ija inkatenga anyamata kuno kukawatula ku Francistown ku Botswana, kuchoka apo nkukwera sitima mpaka ku migodi ya golide ku Joni. Mpaka kumwalira kwawo ankatifotokozera ife adzukulu mmene makutu anatsekera, mmene mitsinje inkaonekera ngati ulusi pansipo. Ndegezo sizinali zachifundo, eni migodi ankafuna mphamvu za anthu athu motchipa, ndipo mathero ake akuluakulu mukuwadziwa, pa 4 April 1974 ndege ina itangonyamuka ku Francistown inagwa nkupha anthu 78, ambiri mwa iwo aMalawi amene ankabwerera kumudzi atamaliza kontilakiti, Kamuzu nkuletsa Wenela kulemba anthu kuno. Nthawi imeneyo sindikuifuna ibwerere. Chimene chimandiwawa nchoti mwini mgodi anaona kuti mMalawi wosauka ndi woyenera kunyamulidwa pa ndege chifukwa nthawi yake ndi yamtengo, koma ife eni dziko patha zaka zoposa 50 tikuganizabe kuti ndege ndi ya bwana, ya wopita ku semina, ya mlendo wodzaona nyanja basi.

Chaka china foni inalira Lachiwiri usiku kuti achimwene anga aakulu agonekedwa mchipatala ku Joni ndipo zinthu sizili bwino, ndibwere msanga. Kutacha ndinathamanga kukafunsa tikiti ya ndege, mtengo umene ndinauzidwa unali woposa mpamba wonse umene ndinali nawo mmanja, ndinazungulira kwa abale, ndinapita ku banki nkhonde, sizinakwane. Ndinakwera basi. Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, pa boda ina tinakhala kuyambira madzulo mpaka kunja kucha tili pa mzere, foni itazima, ndikupemphera chamumtima kuti andidikire. Ndinafika Lachisanu nkupeza atatisiya dzulo lake. Thupi linabwera pa msewu womwewo mu ngolo yokokedwa ndi galimoto, mayi athu akudikira pa siwa masiku onsewo. Sindikuloza chala kampani iliyonse kapena ofesi iliyonse pa imfa imeneyi, Mulungu ndi amene amadziwa tsiku la munthu. Koma ndege inanyamuka ku Lumbadzi tsiku limene ine ndinkakwera basi, ndipo funso limene limandibwerera nthawi zonse ndi loti kodi mipando yonse inali ndi anthu?

Funso limeneli ndi limene landipangitsa kulemba. Ife a geni timadziwa kuti katundu wogona ndi luzi, phindu lochepa pa katundu wothamanga limaposa phindu lalikulu pa katundu amene wakhala pa shelefu miyezi itatu. Nde mpando wa mndege ndi woopsa kuposa tomato, chifukwa tomato wa dzulo ungamugulitse motchipa mmawa, koma mpando ukanyamuka wopanda munthu ndalama yake yapita basi, mafuta awotchedwa omwewo, oyendetsa alipidwa chimodzimodzi. Pomwe mabasi opita ku Joni, ku Lusaka ndi ku Dar amanyamuka atadzaza, mabasi a Lilongwe ndi Blantyre amadzaza mmawa, masana ndi madzulo. Anthu oyenda alipo ambirimbiri, amene kulibe ndi munthu woti akhale pansi nkuganiza kuti gululi tingalikweze bwanji ndege. Bwanji osakonza tikiti ya anthu a geni pa masiku amene ndege sizidzaza, yogula kukadali milungu ingapo, yololeza makilo ochulukirapo a katundu? Mayi amene amataya sabata yathunthu pa ulendo umodzi wa ku msika wa Kariakoo ku Dar kudzera pa Songwe atha kuyenda maulendo awiri, msonkho wa katundu wake nkulipira pa bwalo pomwepo mwadongosolo, boma nkupindulanso.

Ndikudziwa kuti ndege ndi bizinesi yovuta, ndinafunsafunsa kwa anthu amene anagwirapo ntchito yogulitsa matikiti ndipo anandimasulira. Ndege zambiri zimakhala zobwereka ndipo lendi yake ndi ya madola. Masipeya ndi madola, inshuwalansi ndi madola, kukonzetsa injini kunja ndi madola. Mafuta a ndege aja amati Jet A1 amachita kubwera kuchokera ku madoko a anzathu, ife tilibe doko, nde pofika ku Lumbadzi amakhala atakwera kale mtengo. Koma tikiti ife timagula ndi makwacha. Kampani ikagulitsa matikiti imafuna isinthe makwacha aja akhale madola kuti ilipire zonsezi, nde ku banki akanena kuti forex kulibe ndalama zija zimangokhala, ndipo zili chikhalire kwacha ikagwa monga inagwera ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, kampani imadzuka mmawa itataya gawo lalikulu la ndalama zake osalakwa kanthu. Mwezi womwewo wa November 2023 South African Airways inalengeza kuti yaimitsa maulendo ake obwera kuno. Amene amatsala amakweza mtengo kuti adziteteze, ndipo wolipira ndi ine. A Nduna ya zachuma, nkhani ya ndege ili pa tebulo lanu kuposa pa tebulo la wina aliyense. Dziko lopanda doko ngati lathu, forex ya ndege iziyikidwa mgulu limodzi ndi ya mafuta, feteleza ndi mankhwala, chifukwa wodwala wotumizidwa ku India sangapite pa basi.

Koma pali gawo lina limene simungalozere dola. Mukatenga tikiti nkuyiyang'ana bwino pansi pake pamakhala timizere tambirimbiri, msonkho uwu, cholipira cha pa bwalo ichi, cha chitetezo icho, kuphatikiza pamodzi nkukhala ndalama yooneka ndithu. Zina ndi za mabwalo a kumene ukupita, zina ndi zathu zomwe. Ndikupempha mutiuze poyera, mu Chichewa, pa wailesi, kuti pa tikiti ya Lilongwe kupita ku Chileka kapena ku Johannesburg ndi zingati zimapita ku kampani, zingati ku mafuta, zingati ku boma, ndipo za bomazo zimagwira ntchito yanji. Ngati zimakonza mabwalo tiziona. Ngati zimangolowa mthumba lalikulu la boma nkusowa, nde chotsaniko zina makamaka pa maulendo a mdziko momwe muno ndi a mayiko oyandikana nafe, muone ngati anthu sachuluka.

Tsopano za kampani yathu. Amayi anga amakumbukira Air Malawi ndi chikondi mpaka lero. Inayamba 1964 ili pansi pa Central African Airways, 1967 nkuyima payokha, mzaka za m'ma 1970 inkafika mpaka ku London ndi ndege ya VC10, kenako kunabwera ndege zija zinali ndi mayina athu enieni, Kwacha, Sapitwa, Shire. Bwalo la Kamuzu litatsegulidwa ku Lumbadzi kunkatera British Airways ndi KLM, munthu nkukwera pano osasintha kampani mpaka ku Ulaya. Zonsezo zinatha, Air Malawi inamira mu ngongole, 2012 boma nkuganiza zoithetsa, 2013 nkusiyiratu kuuluka, anthu ambiri ntchito nkutha. Mmalo mwake munabweretsa kampani yatsopano, imene lero ndi Malawi Airlines, boma 51 peresenti, Ethiopian Airlines 49 peresenti, ndipo pa 31 January 2014 ndege ya Q400 inayamba kuyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Ine mgwirizano umenewu sindikuunyoza, popanda iwo mwina bwenzi tilibe olo ndege imodzi yolembedwa dzina la Malawi, ndipo yapirira ngakhale nthawi ya Covid mu 2020 mabwalo atatsekedwa miyezi ingapo. Koma paja poyamba munkanena kuti pa 51 peresenti ya boma ija, 31 idzagulitsidwa kwa aMalawi, boma nkutsala ndi 20. Lonjezo limenelo lili pati? Ifeyo masheya timagula masiku ano, aphunzitsi, manesi, ma gulu a amayi, tikanakonda kukhala ndi kagawo ndipo tikanamafunsa mafunso pa msonkhano wa chaka. Ndipo poti kampaniyi ndi ya anthu, malipoti ake a ndalama azituluka chaka chilichonse aliyense awerenge. Ngati pali unduna kapena nthambi ya boma imene ili ndi ngongole ya matikiti, ilipire, osadikira kuti tidzalirenso maliro ngati a Air Malawi.

Chimene ndikufuna muphunzire kwa a Ethiopian si kubwereka ndege chabe. Iwonso poyamba sankadziwa kanthu, kampani yawo inayamba kuuluka 1946 ikuyendetsedwa ndi kampani ya ku America ya TWA, koma anaika mtima pa kuphunzira, pofika 1971 wamkulu wa kampaniyo anali mwana wa ku Ethiopia komweko. Lero ali ndi sukulu yawo yophunzitsa oyendetsa ndege ndi mainjiniya, amakonza okha ndege ku Addis Ababa, ndi kampani yaikulu kuposa zonse mu Africa, ndipo ndi ya boma yonse, dziko lawonso lilibe doko ngati ife. Nde tisamanamizire kupanda nyanja yamchere kapena kuti za boma siziyenda. Kusiyana kwake nkoti kumeneko andale amasiya akatswiri agwire ntchito. Ife tatha nawo zaka zoposa 10, tiuzeni kuti ndi aMalawi angati aphunzira kuyendetsa Boeing 737, angati akukonza injini, angati ali pa mipando yopanga ziganizo, ndipo pulani yoti tidzayime patokha ikutha chaka chanji. Mwana wa ku Mtandire kapena ku Chinsapo amene wakhoza bwino masamu ndi sayansi pa MSCE alowere khomo liti kuti adzakhale payiloti, poti maphunziro amenewa ndalama zake ndi zoti kholo wamba silingazione? Ngongole ya ophunzira ija bwanji osaitambasula ifike kumeneko olo kwa ana ochepa chaka chilichonse?

Yang'ananinso kwa anzathu otizungulira muone mmene kunyada kwawonongera ndalama. Zambia Airways inatsekedwa 1994, inadzabwereranso mu December 2021 nayonso itagwirana manja ndi a Ethiopian. South African Airways ndi ukulu wake wonse inalowa mmanja mwa oipulumutsa mu December 2019. Air Namibia inathetsedwa 2021. Dziko lililonse likufuna ndege yokhala ndi mbendera yake, nkumanga mpanda kuti ya mnzake isadye nawo, mapeto ake tonse tili ndi timakampani tating'ono, matikiti odula, ndipo kuti upite ku Maputo, likulu la dziko limene latizungulira mbali zitatu, nthawi zambiri uyambe wakafika ku Johannesburg. Kuti ufike ku Ghana kapena ku Nigeria uyambe walowera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi nkukhala pa bwalo maola ambirimbiri. Atsogoleri a Africa anagwirizana kale za kutsegula mlengalenga mu mgwirizano wa Yamoussoukro wa 1999, ndipo mu January 2018 African Union inakhazikitsa msika umodzi wa ndege uja amati SAATM. Kusaina pepala ndi kwina, kutsegula chitseko ndi kwina. Ine ndimagulitsa pa msika pomwe tili ambiri ogulitsa nsapato zofanana, ndikudziwa kuti mpikisano umawawa, koma ndi umene umabweretsa makasitomala. Fastjet ija ya matikiti otchipa inayamba kubwera ku Lilongwe kuchokera ku Dar es Salaam mu 2015 koma sinakhalitse, ndipo azimayi anzanga amene anaikwera amaikumbukirabe. Ngati kubwera wina wofuna kunyamula anthu motchipa pakati pa Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Harare ndi Dar, mupatseni chilolezo msanga bola ndege zake zikhale zotetezeka. Kuteteza kampani yathu pobisa anthu ake ku mitengo yabwino si kuikonda, idzakula ikadzazolowera kulimbana ndi Airlink, Kenya Airways ndi Proflight pa bwalo limodzi. Lilongwe ali pakatikati pa Lusaka, Harare, Dar es Salaam, Nampula ndi Tete, malo amenewa Mulungu anatipatsa ulere.

Za mdziko momwe muno ndiye zimandimvetsa chisoni kwambiri. Dziko lathu ndi lalitali ngati nzimbe, koma ndege yodalirika imangozungulira Lilongwe ndi Blantyre. Wa ku Karonga, wa ku Chitipa, wa ku Mzuzu, amayenda tsiku lonse pa M1. Bwalo la Mzuzu lazunguliridwa ndi tauni, ndipo lonjezo la bwalo latsopano kumpoto tinayamba kulimva kalekale, kampeni iliyonse limabwera. Wa ku Likoma akadwala mwakayakaya amadalira Ilala kapena boti, pomwe bwalo pa chilumbapo lilipo, limatera tindege ta alendo. Mumati zokopa alendo ndi imodzi mwa nsanamira za chuma chathu, chabwino, koma mlendo amene ali ndi tchuthi cha sabata imodzi sangataye masiku awiri pa msewu kuti akafike ku Nyika. Sitikufuna Boeing kumeneko ayi, tindege ta anthu khumi ndi angapo tokhala ndi tsiku ndi nthawi yodziwika ndi tokwanira, boma nkuthandizako pa misonkho ndi zolipira pa bwalo zaka zoyambirira mpaka anthu azolowere.

Ndipo chitetezo chisamadikire kuti atichititse manyazi akunja. Mu January 2019 South African Airways inaimitsa maulendo a ku Chileka oyendera za ndege a kwawo atapeza kuti mpanda wa bwalo ndi zida zozimitsira moto sizinali bwino, ndi pamene tinayamba kuthamangathamanga. Ku Lumbadzi kuli nyumba zatsopano zimene zinatha kumangidwa 2019 ndi thandizo la dziko la Japan, tikuthokoza, koma kusamala zimene tapatsidwa ndi ntchito yathu. Pa 10 June 2024 tonse tinalira ndege itagwa ku Chikangawa nkutenga a Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Inali ndege ya asilikali osati ya pasenjala, ndikudziwa, koma mlengalenga ndi momwemo, nyengo ndi yomweyo, mabwalo ndi omwewo. Usiku uja dziko lonse tinagona osadziwa kuti ndege ili pati. Chonde ikani ndalama pa zida zoonera ndege, zoyezera nyengo, magalimoto ozimitsa moto ndi anthu ophunzitsidwa kufufuza mwamsanga, ndipo bungwe loyang'anira za ndege lipatsidwe mphamvu zoletsa ndege kunyamuka olo mutakwera munthu wamkulu bwanji.

Pa katundu ndingonena mwachidule. Maluwa a ku Kenya ndi ku Ethiopia amathyoledwa lero mawa ali pa msika ku Ulaya chifukwa ndege ndi zipinda zozizira zilipo. Ife mango amaolera pansi ku Salima, masamba ndi zipatso za ku Dedza ndi ku Ntcheu zimafotera mmbali mwa msewu, pomwe Salima ndi Lumbadzi ndi pafupi. Forex imene mukuisowayo ina ikuolera pamenepo.

Pomaliza ndikupempha inu aphungu makamaka a komiti yoona zamtengatenga. Inu ndege mumakwera, ambiri mwa inu tikiti imalipidwa ndi msonkho wathu, nde mwina ululu wa mtengo wake simuumva. Bajeti ikubwerayi isanadutse itanani unduna, kampani ya ndege, oyang'anira mabwalo ndi a Reserve Bank akhale pamodzi poyera, muitanenso ife a geni, oyendetsa malo ogona alendo, alimi ndi abale a odwala amene amatumizidwa kunja, tidzanene ndi pakamwa pathu. Mafunso anga ndi omwe ndalembawa, misonkho ya pa tikiti, masheya 31 peresenti aja, ana athu ophunzira ndege, bwalo la kumpoto, ndi chilolezo kwa ofuna kutinyamula motchipa. Mukaitana ine ndibwera ndi pasipoti yanga muone zidindo za pa Dedza, pa Mwanza, pa Mchinji ndi pa Songwe mmene zadzazira, mulibe olo chimodzi cha pa Lumbadzi.

Ine wanu,
Mayi wa geni, Area 25, Lilongwe